Mkaka wa M'kabotolo

Dzuwa la Okutobala pa sitesheni ya Katete silichita nthabwala. Pempho anayamba kugulitsa mtedza wokazinga pamenepo ali ndi zaka khumi ndi zisanu, wopanda chipewa, wopanda ambulera, beseni lili pamutu, kuthamangira basi iliyonse ya ku Chipata ndi ya ku Lusaka.

Lachiwiri lina kamvuluvulu anadutsa pamsewu n'kumumwaza fumbi kumaso.

"Mayo ine, diso langa!"

"Musatikite, mungalipweteke. Imani ndikuuzireni."

Anali mnyamata wamtali wa jekete yofiira, atangotsika pa njinga yamoto. Anamugwira chibwano, n'kutsegula chikope ndi zala ziwiri, n'kuuzira kamodzi. Fumbi linachoka, koma chibwano sanachisiye.

"Muli kamnofu m'disomu. Mukudziwa?"

Pempho ankadziwa bwino. Kanayamba chaka chatha pakona ya diso lamanzere, cha kumphuno, kofiirira, kosongoka kutsogolo. Mwezi ndi mwezi kankakwawira pa chakuda cha diso. M'mawa uliwonse ankakayang'ana pa kagalasi, mtima n'kumagunda. Kakafika pakati, adzaonanso? Basi ikamabwera adzaizindikira bwanji? Nanga mkazi wa diso limodzi adzamufuna ndani?

"Si nkhani yanu," anayankha akukoka mpango.

"Kuyambira lero ndi yanga. Dzina langa ndine Fanuel. Ndimakhala ku Sinda, ndimagula soya ku Vubwi, ndipo Lachiwiri lililonse ndimadutsa pano. Maso okongola chonchi sangavutike ine ndilipo."

Amuna a pamsewu pakamwa pawo mpotsekemera, izi Pempho ankazidziwa. Koma anthu onse ankati akaona disolo amayang'ana kumbali, pomwe uyu analiyang'ana osaphethira. Nambala ya foni anapereka.

Mameseji anayamba tsiku lomwelo.

"Maso anga, wadya?"

"Maso anga, fumbi la ku Vubwi landitha, koma ndikakumbukira iwe ndimaona ngati kwagwa mvula."

"Usaope kamnofuko. Ngakhale utachita khungu, ine ndidzakhala ndodo yako mpaka kumanda."

Meseji yomalizayi Pempho anaiwerenga mpaka anailoweza pamtima. Ankaigwiritsa ntchito ngati mankhwala diso likayamba kuyabwa.

Mwezi wotsatira analimba mtima n'kupita kuchipatala. Adokotala a maso, a Oscar Sakala, anamuunika ndi kanyali n'kunena modekha.

"Si khansa, mayi, musaope. Ndi kamnofu kamene kamamera chifukwa cha dzuwa, mphepo ndi fumbi. Koma kanu kayandikira kamwana ka diso. Tiyenera kukachotsa kasanatseke."

"Kuchotsa bwanji?"

"Tidzadontheza mankhwala kuti diso lichite dzanzi, kenako tidzakasenda. Mudzakhala muli maso, koma simudzamva ululu. Pakadali pano valani chipewa, ndipo musaikemo chilichonse chimene sitinakupatseni."

Ali maso! Mpeni ukubwera iye akuuona! Pempho anatuluka, ndipo pageti anasanza. Tsiku la opaleshoni linalembedwa pa kakhadi, miyezi iwiri kutsogolo, koma iye ankaliona ngati mawa.

Fanuel atamva anagwedeza mutu.

"Mpeni m'diso lako? Ine ndikadali moyo? Ayi, switi. Kwathu diso timachiza ndi mkaka wa m'mawere. Mlongo wanga Janet, amene ndimakhala naye ku Sinda, akuyamwitsa. Ndidzakubweretsera, ndipo kamnofuko kadzasungunuka kokha."

"Koma adokotala anati..."

"Adokotala amakukonda kuposa ine?"

Lachiwiri lotsatira anabwera ndi kabotolo kabulauni, ka mankhwala a ana, pepala lake atalikanda. Kuseri kwa shopu ya a Nabil, Pempho anapendeketsa mutu, Fanuel n'kudontheza madontho atatu. Mkakawo unali wofunda ndi kutentha kwa m'jekete. Unayenderera pa tsaya pamodzi ndi misozi.

"Ukawathokoze a Janet," anatero Pempho. "Ndidzawaona liti alamu anga?"

"Diso likachira. Ndikufuna akuone uli mwaa! Tikatero amalume adzabwera kwanu."

Zinapitirira choncho, Lachiwiri ndi Lachiwiri. Fanuel ankasiya kabotolo kodzaza n'kutenga kopanda kanthu. Pempho ankayang'ana pa kagalasi n'kumadzinamiza kuti kamnofu kabwerera. Kanabwerera kuti? Kanali pomwepo, nji!

Kenako diso linayamba kudwala zenizeni. Linafiira psuu, m'mawa linkamatana ndi manthongo, ndipo dzuwa likawala linkabaya ngati muli mchenga. Mabasi anayamba kuoneka mwa chimbuuzi. Opaleshoni inali Lachisanu. Lachiwiri la sabata imeneyo Pempho anadikira pa sitesheni kuyambira m'mawa mpaka anthu a tomato anayamba kulongedza. Jekete yofiira sinaoneke.

"Uli kuti? Diso latupa. Ndikuopa, Fanuel."

Yankho linabwera Lachitatu masana.

"Sore maso anga, njinga yafa. Limba mtima. Lachisanu usapite, ndidzabweretsa wina wambiri."

Adikire mpaka liti? Anatseka diso lamanja ndi chikhatho kuti ayese lamanzere. Chikwangwani cha shopu ya a Nabil, chimene ankachiwerenga tsiku lililonse, chinali ngati chili m'madzi. Mwina mkakawo unkachepa mphamvu pa ulendo? Mwina akaupeza wongofinya kumene, diso likhoza kuchira Lachisanu lisanafike, mpeni osamukhudza?

Lachinayi m'mawa anasiya beseni, n'kuika kabotolo m'chikwama, n'kukwera minibasi ya ku Sinda.

Nyumba sinavute kupeza. Anyamata a njinga pa sitesheni anangomva "a Fanuel a soya" n'kuloza kuseri kwa chigayo, pa nyumba ya chitseko chobiriwira.

Pakhonde panakhala mayi wachitsikana, wochepa thupi, akuyamwitsa khanda. Pachingwe panali matewera, ndi jekete yofiira.

"Odi kuno!"

"Odini, fikani." Mayiyo anamusendezera mpando.

"Ndinu a Janet?"

"Ndine. Koma diso lanulo, amama! Mwatani?"

Pempho anangotulutsa kabotolo n'kukagwira ndi manja awiri. Nkhope ya Janet inawala.

"Aa, ka mankhwala a mwana wanga Joel aka! Ndiye mwachokera ku Vubwi, kwa apongozi? Diso lawo lili bwanji? Atate ake a Joel amati likuchira, koma ine sindikhulupirira, mkaka ukungopita. Kapena nanunso lakugwirani, akutumani?"

"Apongozi?"

"Amayi awo a Fanuel. Si ndiwo akudwala diso?"

Pempho anayang'ana khandalo. Linali litasiya bere, likumuyang'ana. Mphumi yotakata ija, makutu oima aja, zonse za Fanuel.

"A Fanuel ndi... si alongo anu?"

Janet anaseka, koma kusekako kunathera pakati. Anayang'ana kabotolo, anayang'ana diso lofiira, anayang'ananso kabotolo. Pang'onopang'ono anabweza bere m'bulauzi.

"Chaka chachitatu chino tili pa ukwati wa ku tchalitchi cha Reformed," anatero. "Inu ndinu ndani?"

"Pempho. Wa ku Katete. Ndimagulitsa mtedza pa sitesheni."

"Lachiwiri?"

"Lachiwiri."

Panalibe amene anakuwa. Chigayo chokha chinkalira chapafupi. Pempho ankayembekeza mbama, ndipo mwina mbama ikanakhala bwino. Koma Janet analankhula motsitsa, misozi ikugwera pamutu pa mwana.

"Mkaka wanga ndi wochepa, mayi. Kusikelo anandikalipira kuti mwana sakukwera. Koma Lachiwiri lililonse ndinkamuchotsa pabere akulira, n'kufinyira m'kabotolo ako, ndimati ndikuchiza mayi wa mwamuna wanga. Ndinkapemphereranso! Ndinkati Ambuye, diso limeneli lione."

"Sindinadziwe. Ndikulumbira, sindinadziwe!"

"Ndakumva. Ukanadziwa sukanabwera ndi manja awiri."

Pomwepo chitseko chobiriwira chinatseguka. Fanuel anatuluka ali pa vesiti, sipanala ili m'manja, akuyasamula. Ataona alendo a pakhonde, sipanala inagwa, ngwe!

"Pempho... maso anga, dikira ndikufotokozere."

"Mwamutcha chiyani?" Janet anafunsa osatembenuka.

Ndodo ya mpaka kumanda inangoima pakhomo, ikukanda m'mutu.

Pempho anaika kabotolo pamphasa, pafupi ndi phazi la Joel.

"Pepani, a Janet. Ndi ka mwana wanu aka."

Anayenda osacheuka mpaka pamsewu. M'minibasi analira njira yonse, ndipo misozi inkawawa kawiri, mumtima ndi m'diso. Foni inkangonjenjemera m'chikwama. "Ndi iwe ndimakonda." "Uja ndinakakamizidwa." "Usapite kuchipatala wekha, adzakuboola." Pofika pa Katete anaizimitsa.

Lachisanu anafika pachipatala geti isanatsegulidwe. Mantha sanathe, ayi. Nesi atafunsa amene wamuperekeza, anati wabwera yekha.

A Sakala anaunika disolo nthawi yaitali, nkhope itakwinyika.

"Lalowa tizilombo. Lero sitingakasende kamnofu, tiyambe tachiza kutupaku. Mukanachedwa sabata ina, bwenzi tikunena zina."

"Ndidzaona, adokotala?"

"Mudzaona. Mukamwa ndi kudontheza zimene ndikupatseni, pakatha masabata awiri tidzakachotsa. Mudzabwera?"

Pempho anaganiza za mpeni uja, ukubwera iye ali maso, popanda womugwira dzanja.

"Ndidzabwera."

"Chabwino. Tsopano mundiuze zoona, chifukwa diso silitupa chonchi lokha. Munaikamo chiyani?"

"Mkaka wa m'mawere."

A Sakala anausa moyo, n'kutenga cholembera.

"Anakupatsani ndani?"

"Chibwenzi changa."

"Nanga iye anautenga kuti?"

Pempho anayang'ana kanyali kaja, diso likutuluka misozi, ndipo sanaphethire.

"Kwa mkazi wake."