Jekete la pa Msomali

Kaitano ndi Priska anakwatirana ku Makhanga, chaka chimene chimanga cha kudimba chinabereka mpaka kusowa poika. Amene anavina pa ukwatiwo amakumbukirabe mkwati ali thukuta kamukamu m'jekete lotuwa, dzuwa likuswa mtengo, iye osalola kulivula. Akanalivula bwanji? Analisoka ndi Priska mwini wake, poti anali telala, ndipo anakhala pa makina milungu itatu kuti mwamuna wake asaoneke wobwereka zovala. Banjalo linali lokoma. Linabala mwana wamkazi, Tithokoze, ndipo a pamudzi ankamva kuseka kokhakokha kuchokera m'nyumbamo.

Kenako madzi anasefukira. Anthuwo anapulumuka pa bwato, koma nyumba, makina osokera, zithunzi za ukwati ndi jekete lija zinapita ndi Shire. Anakamanga kanyumba ka njerwa kumtunda, m'dera la Mlolo, ndipo Kaitano anawoloka mtsinje kukagwira ntchito yodula nzimbe ku Chikwawa. Kunyumba ankabwera mwezi ukatha. Sankadandaula za mbuzi kapena mipando, koma akamwa tiyi pakhonde ankakonda kunena kuti, "Mayi a Tithokoze, zonse zipite, koma jekete lija linandiwawa."

Pa msika wa Fatima panali mmisiri wojambula pa makoma dzina lake Feston, bambo wa ana atatu. Uyu sankangolemba mayina a magolosale ngati anzake. Ankajambula zinthu mpaka maso n'kunamizika. Pa khoma la malo ena odyera anajambulapo mlamba wouma uli pa mbale, ndi ntchentche imodzi itatera pamutu pake, moti mayi wina anaikupiza ndi mpango kawiri konse asanachite manyazi. Pa chitseko cha wometa anajambulapo kiyi atalendewera pa chingwe, ndipo oledzera ankathyoka zikhadabo pofuna kumutola. Akamufunsa chinsinsi chake, Feston ankati luso lonse lagona pa chithunzithunzi. Chinthu chojambula chimaoneka chenicheni ngati chithunzithunzi chake chagwera mbali imene kuwala kwa m'chipindamo kukanachigwetsera.

Banja la Kaitano linali pafupi kukwanitsa zaka khumi. Priska anaganiza zomubwezera mwamuna wake jekete lija. Makina analibe, nsalu yamtundu uja sinkapezekanso, koma m'mutu mwake munali ulusi uliwonse. Anapita kwa Feston n'kumupempha kuti alijambule pa khoma la pabalaza, litapachikidwa pa msomali, kuti Kaitano akadzalowa pa tsiku lachikumbutso adzatambasule dzanja, iwo adzamuseke.

"Ntchitoyo ndiigwira, mayi," anatero Feston atayendera nyumbayo. "Koma ndizibwera dzuwa likapendeka, nthawi imene limalowera pazenera ili. Chitseko tizitseka, kuti kuwala kuzichokera mbali imodzi, komanso fumbi la kunoli likakhala pa penti yaiwisi ntchito yawonongeka. Inu muzikhala pomwepa muzindiuza mmene linalili."

Ndi mmene zinayambira. Tsiku ndi tsiku, nthawi yofanana, Tithokoze asanaweruke ku sukulu, mwamuna ankatsamiritsa njinga pa mtengo wa masawu, kulowa m'nyumba ya Kaitano, chitseko n'kutsekedwa. M'katimo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa, choncho Feston ankavula malaya n'kumagwira ntchito chifuwa chili pamtunda. Potuluka ankamanga mabatani ali pakhomo, alibe n'chimodzi chomwe m'maganizo.

Anthu ife tili ndi nthenda yoipa. Tikaona chitseko chotseka, mitu yathu imadzaza yokha zimene zili kuseri kwake, ndipo sidzazamo zabwino ayi. Woyamba kudwala nthendayi anali Dorika, mlongo wake wa Kaitano, amene nyumba yake inayang'anizana ndi ya mlamu wakeyo. Kuwoloka bwalo kukagogoda kunali kwapafupi kusiyana ndi kupita kuchigayo. Iye sanagogode. Anayamba wauza amayi a kumjigo, kenaka a kutchalitchi, ndipo nkhani itanona anaimbira foni mchimwene wake.

"Achimwene, inu muzingodula nzimbe kumeneko. Kuno ena akutafuna."

"Ukunena chiyani, Dorika?"

"Nkhabe, ayi, ine sindinena zambiri, mungati ndikupasula banja. Koma wa penti uja, Feston, amatuluka m'nyumba mwanu akuvala malaya. Ndaona ndi maso angawa, kasanu."

Loweruka lomwelo Kaitano anafika mwezi usanathe. Priska anali ataphimba khoma lija ndi mphasa yoimika, n'kukankhirapo kabati. Anamulandira mwansangala, koma mwamunayo anakana madzi osamba, anakananso mpando.

"M'nyumba muno mukumalowa ndani ine kulibe?"

"Alendo amabwera, bambo a Tithokoze. Kodi pakhomo pa munthu salowapo anthu?"

"Usandizungulitse! Feston amadzatani muno? Bwanji mumatseka chitseko?"

Priska anazindikira kuti nkhani yachokera kwa mlamu wake, ndipo mtima unamupweteka. "Ndiye mwasiya ntchito, mwawoloka Shire, chifukwa cha pakamwa pa Dorika? Zaka zonsezi munandipezapo ndi mwamuna? M'madzi muja amene anakugwirani dzanja kukukwezani m'bwato anali Dorika?"

"Yankha zimene ndakufunsa!"

"Sindiyankha. Dikirani milungu iwiri, mudzaona nokha, ndipo mudzachita manyazi."

Ananena akumwetulira pang'ono, poganizira tsiku limene mwamuna wakeyo adzagwire khoma. Kumwetulira kumeneko ndi kumene kunathira mafuta pamoto. Kaitano anaona mkazi amene akumunyoza m'nyumba mwake momwe. Priska akanangokankha kabati ija, zonse zikanathera pomwepo ndi kuseka. Koma anakakamira kachinsinsi kake, osadziwa kuti munthu wansanje sadikira milungu iwiri. Lamlungu masana Kaitano anatsanzika, n'kunyamula chikwama chake chokhala ndi chikwanje chodulira nzimbe. Sanawoloke. Anakagona kwa mnzake ku mudzi wina, mtima ukuwira.

Lolemba dzuwa litapendeka anabwerera kudzera kumunda wa mapira. Njinga inali pa mtengo wa masawu. Chitseko chinali chotseka. Ananyang'ama mpaka pazenera n'kusuzumira. Anaona msana wa mwamuna wosavala malaya, ataweramira kukhoma. Anaona mkazi wake atakhala pa mpando, akuseka, akuloza ndi chala. Ndipo pa khoma la pabalaza pake, pamene sipanakhalepo msomali chimangire nyumbayo, panali msomali, ndipo pa msomalipo panalendewera jekete lachimuna, dzanja limodzi litapindika, chithunzithunzi chake chitagwera kumanzere.

Jeketelo ndi limene linamumaliza. Mwamuna wakuba amaika chovala chake pafupi kuti athawe nacho. Uyu wachita kukhoma msomali! Wasamukiramo!

Chitseko chinagwa ndi kukankha kumodzi. Feston anatembenuka, burashi ili m'manja, pakamwa patatseguka kuti apereke moni. Moniwo sunatuluke. Chikwanje chimene chinazolowera kugwetsa nzimbe ndi kutema kumodzi sichinafune kubwereza. Priska anakuwa mpaka mawu kutha, akumukoka mwamuna wake malaya, koma zinali zitachitika kale.

"Lira!" anakalipa Kaitano, akupuma mwawefuwefu. "Mulire mwamuna wako! Ndipo chovala chakechi ndikachionetse kwa ankhoswe, aone uhule wako!"

Analumphira jekete lija kuti alizule pa msomali. Zala zake zinagunda khoma. Anayesanso, n'kukanda njerwa yosalala. Atayang'ana m'manja mwake anapeza penti yotuwa, yaiwisi. Pansi panali zitini, maburashi ndi botolo la palafini, zimene maso ake sanazione ali pazenera.

"Ndi lanu," Priska anatero, atagwada pambali pa Feston. "Ndi jekete lanu la ukwati lija. Taonani thumba lokhota lija ndinalakwitsa posoka. Simunalizindikire?"

Kaitano analiyang'anitsitsa. Thumba lokhota linalipo, ndi batani lachitatu losiyana ndi anzake. Anakhala pansi, ndipo anthu atathamangira kudzaona anamupeza ali chomwecho. Feston anatsirizika ali pa machira, asanafike ku chipatala.

Mlanduwo unazengedwa patapita chaka ndi miyezi. Dorika ataitanidwa kudzachitira umboni anafika atavala mpango wa kutchalitchi, nati iye anangonena zimene anaona, za chikwanje sanatume munthu. Mabel, mkazi wa Feston, anakhala kumbuyo ndi ana ake atatu, osagwetsa msozi, akungoyang'ana Priska. Loya wa Kaitano anayesetsa kunena kuti munthuyo anachita zinthu mutu utazungulira ndi zimene anaona. Woweruza sanavomere.

"Munanamiza mkazi wanu kuti mukubwerera ku ntchito," anatero. "Munagona ndi chikwanje usiku wonse, n'kubwera mozemba. Nthawi yoganiza munali nayo yokwanira. Munali ndi ankhoswe, simunawaitane. Munthu amene munamupha anabwera kudzagwira ntchito yoti ikusangalatseni inuyo. Mukakhale ku ndende zaka makumi atatu, mukugwira ntchito yakalavulagaga."

Feston ankanamiza maso kuti anthu aseke, ndipo aliyense wonamizidwa ankachoka akupukusa mutu mokondwa. Nsanje nayo imajambula, koma zojambula zake sizisekesa. Inamujambulira Kaitano mkazi wachiwerewere amene kunalibe, iye n'kukhulupirira mpaka kukhetsa magazi a bambo wa eni. Chimandinyansa n'chakuti amene anasakaniza penti ya bodzalo, a kumjigo ndi a kutchalitchi aja, palibe ndi mmodzi yemwe amene anagona m'chitolokosi. Mawa lake anapita kukatunga madzi monga mwa masiku onse.

Priska anapita kukamuona Kaitano ku ndende kamodzi kokha. Anapeza munthu wowonda, imvi zitayamba, atagwira waya ndi manja onse awiri.

"Mayi a Tithokoze, ndikhululukire. Ndinalakwa. Tsopano dziko lonse ladziwa kuti unalibe mlandu."

Priska anaseka, koma sikunali kuseka kwa kale kuja. "Dziko lake liti? Mukuganiza kuti kumudzi akunena kuti munapha munthu wosalakwa? Akuti za jeketezo ndinapeka ine kuti ndibise manyazi. Akuti Priska anadya amuna awiri, wina kumanda, wina kundende. Mabel akandiona pamsika amalavula. Tithokoze wasiya sukulu, anzake amamuimba nyimbo."

"Ndikatuluka ndidzawauza ndekha."

"Mukadzatuluka? Inu munagona nane mphasa imodzi zaka khumi, simunandikhulupirire. Iwo adzakhulupirira chifukwa chiyani?"

Anamanga bwino chitenje chake, n'kumuuza kuti ankhoswe amaliza kale zokambirana zothetsa banja, ndipo iye ndi mwana akuwoloka kupita kwa amalume ake ku Mozambique, kumene kulibe womudziwa. Kaitano anamuitana ndi dzina lake lenileni, kawiri, katatu, mpaka msilikali wa ndende anamugwira paphewa. Priska sanacheuke.