Mkazi wa Makandulo

Fungo la kandulo ndi limene linayamba kumudabwitsa Edinah. Anali atangoweruka ku chipatala kumene ankagwira ntchito ya unamwino, maso akulemera ndi tulo, ndipo atatsegula chitseko cha nyumba yawo ku Al Qusais, fungolo linamuchingamira pakhomo pomwe. Linali fungo la kandulo yongozimitsidwa kumene, lija limatsalira m'tchalitchi anthu akatuluka. Anaima ndi nsapato imodzi m'manja. Chibwerereni ku Dubai magetsi anali asanazimepo, ndipo m'nyumba mwawo munalibe kandulo ngakhale imodzi.

Mwamuna wake, Overtoun, anali atanyamuka kale pa basi ya kampani kupita ku Jebel Ali, kumene ankagwira ntchito yowerengera ndalama. Edinah anasuzumira m'bini, anasuzumira pansi pa bedi, ananunkhiza mapilo onse awiri. Sanapeze kanthu. Koma mtima unali utamuuza kale kuti mwamuna akakhala yekha sayatsa kandulo.

Madzulo ake, akumupakulira mpunga, anafunsa ngati mocheza.

"Bambo a Chiso, kunabwera mlendo usiku?"

"Mlendo wanji kuno kwa eni?" anatero Overtoun, maso ali m'mbale. "Ndimangosewera gemu ija mpaka tulo titandipeza."

Gemuyo anaigula ku Satwa pamodzi ndi makina ake olumikiza ku TV, akuti inali mphatso ya Khirisimasi ya mwana wawo Chiso, amene anamusiya ku Zomba kwa mkulu wake wa Edinah. Anati angoiyesa kaye ngati ikugwira. Kuyesako kunatha mwezi. Edinah sankaikapo mtima. Ankangodziwa kuti ndi nkhani ya mnyamata wa lupanga amene amalowa m'chinyumba chakale cha mfumu ya opopa magazi. Tsiku lina mkulu wake uja atanena pa foni kuti kumudzi kwavuta mphekesera za opopa magazi, ndipo anthu akugona ndi zikwanje kumutu, awiriwa anaseka poona kuti iwo opopa magazi awo anachita kugula m'sitolo.

Koma madzulo amenewo Edinah anamuyang'anitsitsa mwamuna wake ndipo sanaseke. Kolala ya malaya inali itayamba kumukhwepa. Milomo inali yotuwa. Mpunga ankangousuntha ndi supuni kuchoka mbali iyi kupita mbali iyo.

Anamuuza Bupe, namwino mnzake wa ku Zambia, akusintha zovala.

"Iwe mwana, ukamba zoona?" anatero Bupe. "Mwamuna aonda, sakudya, m'nyumba mununkha kandulo, ndiye iwe uvomera ati ni gemu? Kuno kuli atsikana a m'ndege osamba perefyumu. Ukabwerere pakati pa usiku osamuuza. Uzaona weka gemu yake."

Mawa lake mlonda wa pa nyumba yawo, mkulu wa ku Kerala, m'dziko la India, wosakonda zolankhulalankhula, anawonjezera moto osadziwa. Pomutsegulira geti anati wasangalala kuti madamu alandira mchemwali wawo, chifukwa masiku ano akamazungulira usiku amamva mawu a mzimayi pa chitseko chawo.

Edinah anasinthana ntchito ndi mnzake wina ndipo anakwera takisi usiku pakati. Anakwera masitepe atavula nsapato. M'khonde munali chete, kupatula kulira kwa makina oziziritsa mpweya m'nyumba za anthu ndi ndege ina imene inkatsika ku bwalo, mkokomo wake ukunjenjemeretsa magalasi. Ndegeyo itadutsa, anagunditsa khutu pa chitseko. Poyamba anamva mtima wake wokha. Kenako anamva mawu a mkazi, apansipansi, osathamanga, mawu a munthu amene akudandaulira wina amene amamukhulupirira. Overtoun ankayankha pang'onopang'ono, "Mmm. Pepa. Pepa ndithu."

Anapotokola kiyi n'kukankha chitseko ndi phewa.

M'chipinda chochezeramo munali mdima, kuwala kwa TV kokha. Overtoun anakhala pansi atapinda miyendo, chowongolera gemu chili pa ntchafu, manja osachigwira n'komwe. Munalibe wina. Edinah anathamangira kuchipinda chogona, kubafa, anatsegula kabati ya zovala mpaka mahang'ala anagwa. Atabwerera anapeza mwamuna wake asanasunthe.

Pa TV pankaoneka chipinda cha miyala, chopanda zenera, makandulo ali ndandanda m'makoma. Mnyamata wa lupanga uja anaima pakona, lupanga litaloza pansi. Ndipo panali mkazi wamtali, wovala diresi yotuwa yokwekwa pansi, tsitsi lake lofika m'chiuno. Ankayenda ndi kamuni m'manja, kuyatsa kandulo iyi, kupita pa ina, ndipo akafika kumapeto za kumayambiriro zinali zitazima, n'kuyambiranso.

"Ameneyo ndani?" anafunsa Edinah, mpweya uli m'mwamba.

"Odrela," anatero Overtoun. Anatchula dzinalo mosamala, ngati lingasweke. "Si munthu wofunika m'nkhaniyi. Ndi kamdani kakang'ono ka panjira. Umangomubaya, n'kutenga kiyi ali m'khosi mwakeyo, n'kupitirira kukafuna mfumu."

"Nanga bwanji simukumubaya?"

"Sanandilakwire." Anayang'ananso pa TV. "Anali mkazi wa mwini nyumbayi. Mwamunayo atapeza wina, anamutsitsira kuno kuti aziyatsa makandulo. Aliyense amene amalowa muno amangofuna kiyi. Palibe amene amaima n'kumufunsa kuti zikukuyendera bwanji."

Edinah anapsa mtima. Iye ankaima usiku wonse kutembenuza odwala, kupukuta masanzi a anthu amene sankadziwa n'dzina lake lomwe, ndipo mwamuna ameneyu anali asanamufunsepo ndi mawu ofewa chotero kuti zikumuyendera bwanji. Akanapeza mtsikana wa m'ndege akanadziwa pomugwira. Koma chithunzi cha pa TV ungachikoke tsitsi bwanji? Anazula waya kukhoma. Overtoun sanakalipe. Ali mumdimamo anangoti, "Mwamudzidzimutsa."

Masiku otsatira Edinah ankagwira ntchito masana, choncho usiku ankakhala pakhomo. Ankagona atamukolowekera mwamuna wake mwendo, koma tulo tikangomuba, ankadzidzimuka bedi lili lozizira, kuwala kwachikasu kukuphethira pansi pa chitseko. Usiku wina sanadzuke kukazula waya. Anangogona chagada n'kumvetsera. Firiji inalira, n'kusiya. Pansi pa msewu galimoto yotola zinyalala inadutsa. Kenako mawu aja anayamba, ndipo ulendo uno anawamva bwinobwino, chifukwa anali m'chiyankhulo chakwawo, osati m'Chingerezi ngati mawu ena onse a m'gemumo.

"Uja wagona?"

"Wagona," ananong'ona Overtoun.

"Sendera kuno."

Edinah anagonabe chagada. Anakhala choncho, zikhadabo zitalowa m'matiresi, mpaka kuitana kwa ku mzikiti kunamveka m'bandakucha ndipo mwamuna wake anabwera kudzagona pambali pake, thupi lili zii ngati wachokera m'madzi. Atayamba kupuma mwa tulo, Edinah anayatsa tochi yake ya ku ntchito n'kumuunika m'khosi, m'mikono, kuseri kwa makutu, uku akudzichitira manyazi kuti munthu wophunzira ngati iye akufunafuna mano a chiwanda. Panalibe bala ngakhale la udzudzu.

Sabata yomweyo Overtoun anakomoka ku ntchito. Dokotala atamuyeza anati magazi ake achepa kwambiri, ndipo anafunsa Edinah ngati mwamuna wake anachitapo ngozi kapena amasanza magazi. Anamuyeza zonse zimene akanatha, osapeza potulukira magaziwo. Anamugoneka kuti amuwonjezere ena.

Kuchokera ku chipatalako Edinah anapita ku Satwa. Anadutsa mashopu a matelala, makina osokera akulira mbali zonse, mpaka anapeza kasitolo ka magemu kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa nsalu. Mwini wake, bambo wa ku Pakistan wa ndevu zofiira, anamvetsera funso lake n'kuseka.

"Wa makandulo uja? Madamu, ameneyo salankhula. Sanamupatse mawu ngakhale amodzi. Taonani."

Anaika diski yake m'makina a m'sitolomo n'kuyendetsa mnyamata wa lupanga mpaka m'chipinda cha miyala chija. Chitseko chitangotseguka, mkazi wa diresi yotuwa anataya kamuni, anakuwa ngati nkhumba yophedwa, n'kuthamangira mnyamatayo zala zili patsogolo. Lupanga linatsika, mkaziyo anasanduka phulusa, kiyi anagwa pansi.

"Khalas, zatha basi," anatero bamboyo. "Ukachedwa pang'ono amakupha ndi iyeyo. Palibe amene angaime naye m'chipinda chimenecho."

"Mwamuna wanga amakhala naye usiku wonse."

Bamboyo anamuyang'ana, kuseka kuja kukuzilala. Anazimitsa TV yake n'kuyamba kupukuta galasi la kauntala limene linali loyera kale.

Usiku umenewo Edinah anali yekha m'nyumba. Akanatha kungotaya diskiyo, ndipo anadziwa kuti nzeru inali imeneyo. Koma ankafuna amuone kaye. Anasamba, anadzola mafuta, anavala diresi yake yofiira imene Overtoun anamugulira ali pa chibwenzi, ndipo anakhala pamalo pamene mwamuna wake ankakhala. Atayatsa makinawo, gemu sinayambire koyambirira. Inangotsegukira m'chipinda cha miyala.

Odrela anali atapereka msana, akuyatsa makandulo ake. Anayatsa imodzi, n'kuima. Anatembenuka pang'onopang'ono. Sanayang'ane n'komwe kumene kunali mnyamata wa lupanga uja. Maso ake anadutsa galasi la TV n'kutera pa Edinah, ndipo anamuyeza kuyambira kumapazi, kukwera ndi diresi yofiira, mpaka kumaso, monga mmene mkazi wamng'ono wa pa mitala amamuyang'anira wamkulu akadziwa kumene mwamuna wagona. Kenako anamwetulira ndi mbali imodzi ya kamwa.

Mantha onse anamuthawa Edinah. "Ndi wanga," anatero mokweza. "Ndinamupeza alibe ndi nsapato zomwe. Ndi bambo wa mwana wanga."

Sankadziwa batani la lupanga, choncho anadinya onse ndi zala zonse. Mnyamata uja analumpha, anagwada, kenako lupanga linakwera n'kutsika. Odrela sanathawe ndipo sanakuwe. Sanasandukenso phulusa ngati wa ku Satwa uja. Anagwa chogwada, akumuyang'anabe Edinah, ndipo makandulo anazima imodziimodzi mpaka TV yonse inada bii. Edinah anatulutsa diskiyo, anaithyola pa bondo, zidutswa zake anatsika nazo yekha kukaponya m'chibini cha kumsewu.

Overtoun anatuluka m'chipatala patapita masiku ochepa, ndipo za gemu sanafunse. Makina aja anawalongedza yekha m'katoni. Anayamba kudya mpaka kupempha zina, masaya anabwerera, ndipo Lachisanu, tsiku lawo lopuma, anamutenga Edinah kukakwera bwato pa mtsinje wa pakati pa mzinda. Pobwera anaimbira foni Chiso n'kumulonjeza njinga. Bupe atamva anati, "Waona? Mwamuna afuna kumuonetsa kuti nyumba ili na mwine wake." Edinah anaseka, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Zomba anagona tulo tosadukiza.

Mwezi wotentha utafika, usiku wina anadzidzimuka akumva ngati akugwa. Anapeza ali m'mphepete mwenimweni mwa bedi, phewa limodzi lili m'malere. Bedi lawo linali lalikulu, logundana ndi khoma, ndipo mbali ya kukhomako kunkagona Overtoun. Koma tsopano msana wa Overtoun unali utamukankhira iye kunja, ndipo pakati pa mwamunayo ndi khoma panatsala malo okwana munthu.

Edinah anadzutsa mutu pang'ono. Kuwala kwa magetsi a mumsewu kunkalowa pa mpata wa katani. Malo ajawo panalibe munthu, koma matiresi anali atalowa pansi, pilo atabonyoka pakati, ndipo mkono wa Overtoun unali utatambasukira komweko, utapindika m'malere ngati wakumbatira chiuno. Anamvetsera kupuma. Kwake anali atakugwira. Kwa mwamuna wake kunali kwakuya, kwa munthu wokhuta. Ndipo kuseri kwake kunali kwina, kopepuka, kosathamanga.

"Bambo a Chiso," ananong'ona, akumugwedeza phewa. "Bambo a Chiso."

Overtoun sanatembenuke. Anayankha ali m'tulo, ndi mawu aulemu, opanda mkwiyo ngakhale pang'ono.

"Mayi a Chiso, tasenderani pang'ono. Mukutipanikiza."

Kumbuyo kwa Edinah kunalibenso bedi loti asendererepo. Anatsitsa phazi limodzi pa simenti yozizira, kenako linalo, n'kuimirira mumdimamo atafumbata pilo wake pachifuwa, akuyang'ana bulangete likukokedwa pang'onopang'ono kupita kukhoma.