Manda Amene Anadikira Ndege

Anthu a ku Kapichi sakonda kuikamba nkhaniyi dzuwa litalowa, koma masana aliyense angakuuzeni kuti inachitikadi. A Morton, amene anali mlonda pa geti la fakitale ya tiyi chaka cha 2001, adakali moyo, ndipo ngakhale mano anawathera mutu wawo ndi wabwinobwino. Mayi Idah, namwino wa kuchipatala cha mishoni, ndi a Sabata enieni, si munthu wothira mchere nkhani. Awiriwa anaona ndi maso awo zimene zinamugwera Magdalena, mayi wothyola tiyi pa esiteti ina ya kumeneko.

Magdalena anali ndi mlongo mmodzi yekha, Everson, makaniko wa makina a m'fakitale. Mwezi wa Ogasiti kampani inamutumiza ku Ulaya kukaphunzira za makina atsopano, ndipo mudzi wonse unamuperekeza mpaka kumsewu ngati mkwati. Kumapeto kwa Seputembala ku ofesi kunabwera foni yoti Everson wagwa ali pa ntchito, mtima waima.

Inali nthawi yoipa kufera kutali. Masabata ochepa m'mbuyomo zigawenga zinali zitawombetsa ndege pa nyumba zosanja ku Amereka, ndipo azungu anachita mantha kukwera ndege. Wailesi inkanena tsiku ndi tsiku kuti makampani a ndege akuulutsa mipando yopanda anthu, ena sakhalitsa agwa. M'minda ya tiyi anthu ankangoti zawo zimenezo, amene sanakwerepo ndege angadandaulenji? Magdalena nayenso ankatero, osadziwa kuti mvula ya ku Amereka idzadonthera padenga lake.

A Cuthbert, kalaliki wamkulu wa esiteti, anabweretsa uthenga woti bokosi lifika pa Chileka Lachitatu m'mawa. Atsibweni ake a Magdalena, a Yona, amene anali mwinimbumba, anauza adzukulu kuti akumbe manda Lachitatu lomwelo m'mbandakucha. Apa ndi pamene panalakwika. Kwathu manda amakumbidwa mtembo uli kale m'nyumba, koma a Yona anali munthu wa phuma, ndipo zinthu za azungu ankazikhulupirira kuposa Baibulo.

"Ndege si minibasi ya ku Bvumbwe yodikira kudzaza," anatero. "Akati Lachitatu ndi Lachitatu."

Dzenje linatha dzuwa lisanafike pamutu. Amayi anali akuimba pasiwa pamene a Cuthbert anatulukira pa njinga yamoto, okhaokha, popanda galimoto m'mbuyo. Anavula chisoti n'kuitanira a Yona ndi Magdalena kuseri kwa nyumba.

"Kampani ya ndege yoti ibweretse bokosi yagwa dzulo," anatero motsitsa mawu. "Ilibe ndalama ngakhale yogulira mafuta. Ndege zake zonse zangoima pa eyapoti."

"Nanga achimwene ali kuti?" anafunsa Magdalena.

"M'chipinda chozizira, komweko ku Ulaya. Akuti ndege zikapanda kuyambanso kuuluka msanga, a boma la kumeneko amuika konko. Mwinanso kumuwotcha."

Magdalena anakhala pansi pafumbi. Kuwotcha munthu ngati zinyalala! Mayi awo anagona m'manda a pa Kapichi, agogo awonso momwemo, ndipo Everson anali ndi malo ake pambali pawo. Zinamupweteka kwambiri, moti misozi inakana kutuluka.

Vuto lina linali dzenje. Manda okumbidwa sagona ndi njala, ndipo akagona otsegula amaitana munthu wina wa pa banja lomwelo. Mtembo ukapanda kubwera, adzukulu amagonekamo thunthu la nthochi n'kukwirira, maliro n'kuthera pomwepo. A Yona anatuma munthu kukadula nthochi.

"Atsibweni, mukakwirira nthochi ndiye kuti mwawauza achimwene kuti kuno malo awo atha," anatero Magdalena. "Ine ndikukana."

"Ukufuna dzenje likutenge iweyo?"

"Linditenge."

Anazula malata awiri pa khitchini yake, n'kuchonderera adzukulu kuti avindikire dzenjelo. Iwo anavomera monyinyirika, akupukusa mitu. A Yona anamupatsa mpaka Lachisanu, osapitirira.

Madzulo a tsiku lomwelo Magdalena anayamba kunjenjemera. Unali Okutobala, kotentha kopanda pothawira, agalu ali malilime panja, koma iye anafunda mabulangete onse a m'nyumba ndipo mano ankangogundana. M'mawa anamutengera kuchipatala. Mayi Idah anamuyeza magazi, malungo osapezeka. Chimene amakumbukira mpaka lero n'choti atamugwira dzanja, linali lozizira ngati botolo lotuluka m'filiji, ndipo akapuma mpweya unkaoneka ngati utsi.

Pasiwa anthu anayamba kunong'onezana kuti dzenje lasankha kale. Magdalena anawamva, koma iye ankadziwa zake.

"Kuzizira uku si kwanga," anauza mayi Idah. "N'kwa achimwene. Akundiuza kuti akadalipo, sanawawotche."

Lachinayi chakumadzulo, antchito ataweruka, a Morton anali kutseka geti la fakitale. Mwadzidzidzi nyenje zonse zinasiya kulira. Anamva fungo la parafini, lamphamvu, lolowa kukhosi. Kenako kunamveka mkokomo wa injini kuchokera kumunsi kwa minda, wonga wa ndege imene ikufuna kunyamuka. Unakwera, n'kukwera, n'kuzima ngati munthu wotsamwa. Unayambanso. Unazimanso. A Morton anayang'ana kumwamba. Kunalibe kanthu. M'wekishopu yokhoma ndi loko, pa benchi ya Everson, sipanala inagwa pansi.

Sanapite kukaona. Akuti anakhala m'kanyumba ka alonda akuimba nyimbo za kutchalitchi mpaka mnzawo wowalandira anafika.

Lachisanu dzuwa likupendeka, a Yona ananyamuka ndi adzukulu atasenza thunthu la nthochi. Akazi sapita kumanda paokha, koma atafika anapeza Magdalena wakhala pa malata paja, atadzikulunga bulangete, milomo yatuwa.

"Choka, mwana wa mlongo wanga," anatero a Yona, ndipo mawu awo sanali aukali. Anali ndi mantha. "Ndataya mmodzi. Sindifuna kutaya awiri."

"Mukwirire ndi ine ndemwe."

Adzukulu anayang'anana. Mmodzi anapita kuti amugwire mkono.

Mphepo inaima. Masamba a m'msitu wa manda anangoti zii. Fungo la parafini linatuluka pansi pa malata, pamodzi ndi mpweya wozizira umene unawagwira onse m'miyendo. Malata anayamba kunjenjemera. Pansipo, m'dzenje lopanda kanthu, injini inalira.

"Mwamva?" ananong'ona mdzukulu wina.

"Khala chete," anatero mnzake.

Mkokomowo unakula. Ulendo uno sunazime. Unatuluka m'dzenje, n'kudutsa pamitu pawo, moti amuna onse anadzigwetsa chafufumimba. Kuseri kwa msitu tiyi anagona mzere umodzi wautali, ngati chinthu cholemera chikuthamanga pamwamba pake. Kumwamba kunali koyera, kopanda ngakhale mbalame. Phokosolo linakwera, n'kucheperachepera chakumpoto, mpaka linatha.

Podzuka, thunthu la nthochi linali litagubuduzikira kutali, ndipo palibe amene anafuna kukalitola. Magdalena anataya bulangete. Thukuta linali kutsika pankhope pake.

"Anyamuka," anatero, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Atsibweni, achimwene anyamuka!"

A Yona anatola chipewa chawo, n'kuuza adzukulu kuti malata asawakhudze.

Loweruka m'mawa a Cuthbert anabwera njinga yamoto ikuchita kuuluka m'mabampu. Boma la dziko limene Everson anafera linali litathira ndalama kuti ndege zingapo za kampaniyo ziyambenso kuyenda, poopa manyazi. Zambiri zinatsala chiimire, ndipo katundu wa anthu anali mulu mpaka kudenga. Koma ndege yoyamba kunyamuka Lachisanu madzulo inali yopita ku Joni, kumene katundu amakwera ina yobwera ku Chileka, ndipo bokosi la Everson linali momwemo. A ku ofesi anafunsa amene analamula kuti lilowe patsogolo pa katundu wa anthu olemera, koma kumeneko aliyense ankaloza mnzake.

Lamulungu lole ya esiteti inakalitenga pa Chileka. Kuyambira pa Bvumbwe anthu anaima m'mbali mwa msewu, ndipo pofika pa Kapichi othyola tiyi anali khamu, ena atavala zovala za kuntchito. Kunena zoona sanali maliro wamba. Anthu ankalira, komanso nkhope zawo zinali za anthu amene apambana mlandu.

M'kati mwa bokosi lamatabwa munali lina lachitsulo, lowotcherera mbali zonse, monga amachitira ndi mitembo yoyenda pa ndege. A Cuthbert anati azungu analetsa kutsegula. Magdalena anati sanalimbane ndi dzenje kuti akwirire chitsulo osaona nkhope, ndipo a Yona, amene tsopano ankangovomera chilichonse chimene iye wanena, anaitanitsa mmisiri wa ku fakitale. Mmisiriyo anayendetsa chala pa mzere wowotcherera kuzungulira bokosi lonse, n'kunena kuti chiwotcherereni ku Ulaya palibe anatsegulapo. Ndiye anadula, a Morton atagwira chivindikiro, mayi Idah ataima pambali pa Magdalena.

Everson anagona mwaulemu mu suti yakuda, nkhope yake ili phee. Dzanja lamanja linali lofumbata. Pakati pa zala panatuluka nsonga za tiyi, masamba awiri ndi kamphukira, zothyoledwa mwaluso monga zimathyoledwera kwathu kuno. Zinali zobiriwira. Zinali zonyowa ndi mame.

Ku Ulaya tiyi samera, ndipo nsonga yothyola m'mawa imafota dzuwa lisanalowe. Mayi Idah anagwira tsamba limodzi, n'kubweza dzanja msanga.

Magdalena anayang'ana nsongazo, n'kuyang'ana nkhope ya mlongo wake.

"Kani munafika kale, achimwene," anatero chapansipansi. "Ife timadikira bokosi chabe."

Kenako anaimirira, n'kuimba nthungululu pa maliro, chinthu chimene sichinachitikepo pa Kapichi. Amayi a panja anailandira osadziwa chifukwa chake, ndipo inayenda mpaka kumsewu. Anamuika madzulo omwewo pambali pa mayi ake, dzanja lili chifumbatire, chifukwa panalibe amene analimba mtima kulitambasula.