Kupuma kwa Benedicta

Mainesi Kachingwe anakhala zaka zambiri ku Jeppestown, mu mzinda wa Joni, akusoka zovala zimene zinkagulitsidwa m'dzina la munthu wina. Ankagwira ntchito m'chipinda chapamwamba cha nyumba ina yakale, momwe makina osokera ankalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Akaweruka ankapita ku kachipinda kamene ankakhala ndi mng'ono wake Benedicta. Bedi linali limodzi. M'nyengo yozizira ya ku Joni ankagona atavala majuzi, atapanikizana misana ngati mmene ankachitira ali ana kwawo ku Ntcheu.

Zimene Mainesi ankasoka zinali malegini ndi matopu othina, zovala za azimayi ochita masewera olimbitsa thupi otchedwa pilatesi. Iye anali asanawaonepo masewerawo. Amene ankawadziwa ndi Benedicta, poti ankakolopa mu situdiyo ina ya masewerawo ku Randburg.

"Asisi, mukanaona," ankatero Benedicta akuvula nsapato. "Mzimayi wamkulu ndithu, galimoto yake ili panja, wagona pa kabedi ka masipuling'i mwendo uli m'mwamba. Aphunzitsi akuti kokani mpweya, tulutsani mpweya. Eish! Anthu kumalipira kuti wina awauze kapumidwe? Ine chibadwire ndimapuma ulele."

Mainesi ankaseka, koma kuseka kwake kunkathera pamano. Zovala zonse zimene ankasoka zinali za Hlengiwe, mkazi amene kale ankakhala pa makina oyandikana ndi ake, akumabwerekana sizasi. Tsopano Hlengiwe anali ndi lebulo yakeyake, dzina lake losokerera pa zovala, ndipo ankabwera kudzatenga katundu osavula magalasi a dzuwa.

Tsiku lina Benedicta anamuonetsa pafoni tsamba la nkhani za pilatesi, limene eni masitudiyo ankawerenga kuti adziwe zovala ndi zipangizo zatsopano. Panali chithunzi cha Hlengiwe atanyamula legini yobiriwira. Mainesi anakulitsa chithunzicho ndi zala mpaka anaona msoko wa m'chiuno. Unali wake. Wolemba nkhaniyo anauyamikira msokowo m'ndime yonse, nati ndi umboni wa luso la manja a Hlengiwe.

Sabata yomweyo Mainesi anakwera tekisi ya ku Diepsloot. Anali atamva kwa azimayi a kuntchito za munthu wina wotchedwa Sidi, amene ankatsegulira anthu njira ya malonda. Anamupeza kuseri kwa malo ogulitsira matayala, m'kanyumba ka malata koyera bwino. Munalibe zikopa kapena mafupa monga anthu amakonda kukokomeza. Munali mipando iwiri, tebulo, ndi bambo woonda wovala shati yosita.

Bamboyo anamulonjera m'Chizulu. Mainesi atayankha mopunthwa, iye anamwetulira.

"Aa, ndinu akumudzi. Khalani pansi mayi, tilankhule chathu."

Mtima wa Mainesi unakhala pansi. Anaganiza kuti munthu wakwanu sangakugulitse m'chilankhulo cha mayi ako. Anafotokoza zonse, za msoko, za chithunzi, za bedi limodzi.

"Mukufuna Hlengiweyo agwe?" anafunsa a Sidi.

"Ayi bambo. Ndikufuna ine ndikwere."

"Onse amayamba choncho. Chabwino. Chuma ndi chiweto, mayi, chimafuna kudya. Chanuchi chizidya kupuma."

"Kupuma kwa yani?"

"Kwa wamagazi anu, amene mumagona naye nyumba imodzi. Alipo?"

"Mng'ono wanga."

"Ameneyo sadzapumanso ngati kale."

Mainesi anaseka pang'ono. "Pa Joni pano akupuma ndani, bambo? Mwanayo amadzuka kusanache, Loweruka lomwe ali pantchito. Kupuma sakukudziwa n'kale."

"Ndiye simukutaya kanthu," anatero a Sidi. Anatenga ulusi umene Mainesi anabwera nawo, naupaka mafuta opanda fungo. "Uwu muusunge pamodzi ndi ulusi wanu wonse. Mpukutu uliwonse musanauike pa makina, mng'ono wanuyo auuzire ndi pakamwa pake. Musokere msoko wa m'chiuno. Mwavomera?"

Kunena kuti Mainesi sanakayike konse kungakhale kumukomera. Mawu oti auuzire anamukhudza penapake, ndipo funso linafika pamilomo. Koma analimeza, chifukwa ankaopa kuti yankho lake limubweza wopanda kanthu.

"Ndavomera."

Kunyumba anauza Benedicta kuti kuuzira ulusi ndi mwambo wa mwayi umene amayi awo anamuphunzitsa. Benedicta anauzira akuseka, nati, "Bola mukalemera mudzandigulire bedi langalanga, mumandimenya mateche inu."

Malegini oyamba Mainesi anawasoka ndi nsalu zotsala. Benedicta anapita nawo ku situdiyo, ndipo mphunzitsi wa kumeneko, mayi wotchedwa Laila, anavala imodzi pongofuna kumusangalatsa. Kalasi itatha anamuitana. Anati sanapumepo chotero chiyambire ntchito yake, mpweya unkalowa mpaka kumsana, wautali, wosatha. Ophunzira ake anayesa, nanena zomwezo. Pasanathe nyengo, tsamba la nkhani lija linalemba za telala wosadziwika wa ku Jeppestown amene zovala zake zinkathandiza anthu kupuma. Ena anati chinsinsi chili mu nsalu, ena anati chili m'kadulidwe ka lamba.

Mainesi anasiya ntchito ya Hlengiwe. Anatsegula malo ake ku Randburg, nalemba atelala, nasokerera dzina lake kumbuyo kwa chovala chilichonse. Anasamukira m'nyumba ya mpanda, ndipo Benedicta analandira bedi lake ndi chipinda chake. Anasiya kukolopa, nayamba kuthamanga ndi katundu m'masitudiyo, m'mawa uliwonse atauzira kaye mipukutu ya ulusi. Madzulo akafika atatopa, Mainesi ankadziuza kuti malipiro aja ndi amenewa, mwana sakupuma, ndipo ndi mtengo wopepuka.

Chinayamba ndi masitepe. Benedicta ankaima pakati, dzanja pakhoma. Kenaka kuseka kwake kunayamba kuduka kusanathe. Ku chipatala anamuyeza chifuwa chachikulu, anamujambula, osapeza kanthu. Dokotala anangoti mapapo ali bwino koma akugwira ntchito ngati a munthu wokalamba. Tsiku lina Mainesi anamumva akupuma m'chipinda china, phokoso lopyapyala ngati mluzu, ndipo analizindikira. Bambo awo ankapuma chomwecho atabwerako ku migodi, chaka chimene anamwalira.

Anabwerera ku Diepsloot, nthawi ino pa galimoto yake.

"Munandinamiza," anatero asanakhale pansi. "Munati kupuma."

"Ndinati kupuma," anavomera a Sidi. "Ndipo ndi kupuma."

"Ine ndinamva kupuma kwa ntchito!"

"Munamva kumene munafuna kumva. Mukuganiza ndinasiyiranji Chizulu tsiku lija? Kumeneko mawu ndi awiri, phumula wa kupuma pantchito ndi phefumula wa kupuma mpweya, munthu sangasokoneze. Ndikanatero mukanathawa, nsapato m'manja. Chathuchi chili ndi liwu limodzi, ndipo inu simunafunse."

"Munthu wakwathu, kundichita zotere?"

"Wakwanu ndine kapena mng'ono wanuyo? Ine sindinagonepo naye bedi limodzi."

Mainesi anagwira tebulo. "Ndisiya kusoka."

"Siyani. Koma ulusi umene unatuluka kale ukukokabe. Mzimayi aliyense wovala chovala chanu akakoka mpweya, akukoka wa mng'ono wanu. Njira ilipo imodzi. Zonse zibwerere, mumasule msoko wa m'chiuno, ulusiwo muuwotche. Lengezani kuti zovala zanu zili ndi vuto. Anthu a ndalama amaopa matupi awo, azibweza mothamanga."

"Dzina langa lithera pomwepo."

"Eya," anatero a Sidi. "Moni kunyumba."

Apa ndi pamene nkhaniyi imalemera, chifukwa kuyambira tsiku limenelo Mainesi ankadziwa zonse. Analowa mu ofesi yake kuti alembe chilengezocho, napeza uthenga ukumudikira. Okonza chionetsero chachikulu cha pilatesi mu mzindawo anamusankha kukhala wosoka zovala wa chaka. Padzakhala kalasi ya anthu ambirimbiri pabwalo limodzi, onse atavala malegini ake. Anawerenga uthengawo kangapo. Anadziuza kuti chionetsero chikangotha alengeza, kuti milungu yochepa siingasinthe kanthu.

Benedicta tsopano ankakhala pabedi, mapilo atamuchirikiza. Masana ena Mainesi analowa atanyamula mipukutu ya ulusi wa zovala za chionetsero. Benedicta anaiyang'ana, osatambasula dzanja.

"Asisi, amayi sanagwirepo singano. Batani likaduka ankapita nalo kwa anakubala a Justice, oyandikana nafe nyumba aja. Mwambo uwu munautenga kuti?"



"Ine ndinakolopa mu situdiyo, nthawi za makalasi ndimazidziwa," anapitiriza Benedicta, akuima pakati pa mawu kuti apeze mpweya. "M'mawa anthu asanapite kuntchito, ndimabanika. Madzulo akaweruka, ndimabanika. Lamlungu masana, masitudiyo atatseka, ndimapuma ngati munthu. Ndakhala ndikudziuza kuti ndikuganiza zopusa. Ndiuzeni kuti ndi zopusa."

Mainesi anagwada pambali pa bedi naulula zonse, za a Sidi, za liwu lija, za njira yomasulira. Analira kwambiri. Benedicta sanalire.

"Ndiye njira ilipo. Mwaidziwa liti?"

"Papita masiku."

"Nanga mukudikira chiyani?"

"Chionetsero chikangotha, Bene. Ndikulumbira. Tsiku lotsatira lomwelo."

Benedicta anakoka mpweya, nati, "Poyamba paja anakupusitsani, ndikanakukhululukirani. Koma lero mwalowa muno mukudziwa, ulusi uli m'manja." Anatembenukira kukhoma. "Ndinkanyamula katundu wanu pamutu, asisi. Ndinkauza aliyense mu tekisi kuti dzina ili ndi la mkulu wanga. Tulukani nawo. Sindiuzira."

Mainesi anatuluka. Koma mipukutuyo anaisiya pa kashelefu ka kumutu kwa bedi, pamene mpweya wa wodwala unkafika akagona. M'mawa mwake anaitenga, naipereka kwa atelala.

Tsiku la chionetsero kunacha bwino. Mainesi anasiya Benedicta ndi mayi wina woyang'anira odwala, napita atavala diresi yatsopano. Okonza chionetsero anamuitanira kutsogolo, namupatsa chikho chagalasi, anthu akuwomba m'manja. Hlengiwe analipo, ndipo anabwera kudzamugwira chanza. Kenaka bwalo lonse linagona pa timphasa, mizere ya azimayi kufika kumpanda, onse mu zovala za dzina lake. Laila anatenga chimkuzamawu.

"Tiyambe ndi mpweya," anatero. "Tonse pamodzi. Kokani, mudzaze mpaka kumsana. Gwirani pomwepo. Musatulutse."

Mainesi anaona zifuwa zonsezo zikukwera nthawi imodzi. Anafuna kukuwa, koma anthu a makamera anali atamuloza, ndipo anangoima chikho chili m'manja. Foni yake inalira kalasi isanafike pakati. Mayi woyang'anira uja anati Benedicta anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, mpweya osalowa, ndipo zinathera pomwepo.

A Malawi a ku Jeppestown ndi amene anasonkhana kuti thupi lipite kumudzi. Mainesi sanaliperekeze. Malegini aja anasanduka zovala wamba zothina m'chiuno, maoda anasiya kubwera, ndipo tsamba la nkhani linapeza wina womulemba. Atapitanso ku Diepsloot anapeza m'kanyumba muja mukugulitsidwa nkhuku.

Anthu amanena zambiri za mmene mutu wake unasokonekera, ndipo zambiri mwa izo n'zowonjezera. Chimene ambiri anaona ndi maso ndi ichi. Kuli mzimayi amene amayendayenda kunja kwa masitudiyo a ku Randburg atagwira lezala. Akaona mkazi wovala legini amamutsatira mwaulemu, nagwada, namupempha m'Chichewa kuti amulole amasule msoko umodzi wokha wa m'chiuno, chifukwa mng'ono wake akubanika. Azimayiwo samva chimene akunena. Amathamangira m'galimoto zawo, ndipo alonda amamukokera kumsewu.

Wofuna kulemera mwachangu amamva mawu ndi khutu la dyera, ndipo khutu limenelo limasankha tanthauzo lotsika mtengo. Mainesi ananamizidwa kamodzi kokha, ndi mlendo. Kunama kotsala konse anachita yekha, kwa munthu amene ankamukhulupirira kuposa wina aliyense. Chuma cha zitsamba sichidya mwini wake poyamba. Chimayamba ndi amene amamukonda, ndipo chikafika kwa iye chimapeza watsala yekha.