Timiyala Titatu pa Mfundo ya Chitenje

Finda anatsika njira ya ku mgodi, beseni la mpunga ndi chigwada lili pamutu. Pa mfundo ya chitenje chake panali timiyala titatu ta dayamondi.

Anamupatsa ndi amalume ake, a Komba, m'mawa womwewo kuseri kwa nyumba.

"Ukatiponye pa mulu wa mchenga wa bambo ako, munthu asaone," anatero. "Akamasefa akatipeza okha. Akatijambula n'kutimata m'kathumba ka gulu lawo ngati ta kuno ku Kono. Zogawana ndidzakamba nawo pambuyo. Iwe njinga yopitira kusukulu wapeza."

"Bwanji osakagulitsa nokha, malume?"

"Iwe, mafunso ngati wapolisi! Timiyalati tachokera kutali, kutsidya kwa malire. Kumeneko kukulira mfuti, ndiye ogula amatikana."

Njinga ankaifunadi, poti sukulu inali kutali. Koma mawu oti mfuti anamukumbutsa za kwawo. Mayi ake analibe dzanja lamanja. Zigawenga zinalidula ali mtsikana ngati iyeyo, pa nkhondo imene zida zake ankazigula ndi miyala yotereyi.

Ku mgodi amuna anali m'madzi olekeza m'mawondo, akugwedeza masefa.

"Mpunga uja wafika!" anakuwa a Tamba, okumba achikulire. "Finda, umachita kudikira kuti uyambe wamera?"

Onse anaseka n'kuthamangira beseni atangolitula. Finda anatsala yekha pafupi ndi mulu wa mchenga. Panalibe womuyang'ana. Anamasula mfundo ija. Timiyala tinali tozizira m'manja mwake.

"Ababa," anaitana motsitsa mawu. "Tabwerani muone."

Bambo akewo, a Aiah, anayang'ana m'chikhatho cha mwana wawo.

"Wakupatsa ndi Komba?"

Finda anagwedeza mutu, n'kufotokoza zonse.

"Ayi ndithu, mlamu wako ameneyu!" anatero a Tamba, atasiya kutafuna. "Zikanadziwika, ogula akanatitaya tonse, ndi miyala yathu yomwe."

A Aiah anakulunga timiyalato m'tsamba. "Iti tikapereka kwa woyang'anira migodi lero lomwe. Amalume ako ndikaonana nawo ndekha."

"Ndiye kuti njinga palibe," anatero Finda, akuyesa kumwetulira.

"Mchenga udakalipo wambiri, mwanangu. Ikabwera, idzachokera mumtsinje muno."

Masiku onse Finda ankangotula beseni n'kubwerera. Tsiku limenelo amuna aja anasendezana, n'kumusiyira malo.

"Samba m'manja, mayi," anatero a Tamba. "Uyambe ndiwe."