Miyendo Yobwereka ya Radovan

Radovan Hrivnák anakulira m'nyumba zosanja za anthu osauka ku Humenné, chipinda chimodzi ndi mlongo wake Vierka. Bambo awo ankakonza njanji, ndipo nsapato za mpira ankamugulira zapakaunjika. Mnyamatayu ankasewera pakati m'katimu ka kwathu konkuno. Mpira ankaudziwa, koma liwiro analibe.

Pa Khirisimasi panabwera Tibor, mnzake amene anayamba naye mpira, yemwe tsopano ankasewera mumzinda waukulu wa Bratislava. Anabwera pagalimoto yonyezimira.

"Ukadali pabenchi, achimwene?" anaseka Tibor. "Samala, matako amera mizu."

Radovan anaseka nawo, koma mumtima munali moto. Sabata yomweyo anakwera basi kupita kumudzi wina wa m'mapiri, kwa nkhalamba Gejza, imene anthu ankanong'onezana kuti imakhwimitsa. Anaipeza ikusenda mbatata pafupi ndi mbaula.

"Ndikufuna liwiro, agogo. Ndikufuna timu yaikulu ndi chuma."

"Liwiro sindiumba ine," anatero Gejza osadzutsa mutu. "Ndimangosamutsa. Kwanu oyenda alipo?"

"Oyenda?"

"Amiyendo, a magazi ako. Kuti iwe uthamange, wina akhale pansi."

"Ndiye kuti afa?"

"Wanena za imfa ndani? Angokhala basi."

Radovan anaganiza za bambo ake. Akalamba kale, anadziuza, ndidzawagulira nyumba azipumulamo.

"Mangani, agogo."

Gejza anamumanga pakakolo ulusi wofiira wopotedwa ndi ubweya wa kumchira wa hatchi.

Chisanu chitatha, Radovan anasanduka mphepo. Ankalanda mpira pakati, n'kudutsa anthu ngati ayimirira. Mwezi umene timu ya ku Bratislava inamutenga, bambo ake anagwa pantchito, osadzukanso. Madokotala anayeza msana, anayeza mitsempha, sanapeze kanthu.

"Usadandaule, mwana wanga," anatero bambo ali pampando wamateyala. "Ndikakuona pakanema, ndimamva ngati ndikuthamanga ndine."

Radovan anatuluka panja, nakasanza kuseri kwa galimoto yake. Koma Loweruka anaseweranso.

Kenako anagulidwa ndi timu ya ku Italy. Ndalama zinkangoyenderera ngati madzi. Tsiku lina mayi ake anamuimbira foni akulira. Vierka, mtsikana wovina bwino kuposa onse m'gulu la magule a makolo, anagwa pakati pa gule, ukwati wake utayandikira. Mwamuna amene anamutomera anathawa. Radovan anatumiza mpando wodula kwambiri, koma kwawo sanapite. Ankaopa maso a mlongo wake.

Anakwatira, nabereka mwana wamwamuna. Anzake a mwanayo anakwawa, anaima, anayenda. Wake ankangodzikoka ndi manja, timiyendo tikukhwekhwerezeka pambuyo ngati nsanza. Apa mpomwe Radovan anabwerera kumapiri.

"Agogo, tengani zonse! Nyumba, magalimoto, zonse. Bwezerani mwana wanga miyendo."

"Uibweze bwanji poti unaithamangira kale?" anayankha Gejza. "Koma usade nkhawa. Mayi ako akadayenda. Miyendo yawo idzakukwanira chaka chamawa."

Radovan anatola mpeni patebulo, nadula ulusi uja pomwepo. Nkhalamba inangopukusa mutu.

Kuyambira tsikulo miyendo ya Radovan inakana kupuma, inkangoyenda yokha. Sankatha kukhala pampando, sankatha kugona. Mutu nawo unasokonekera. Tinkamuona akuzungulira tauni yathu wopanda nsapato, akukuwira anthu a pamalo okwerera basi kuti, "Patsire! Ndili ndekha, patsire!" Mayi ake ankamutsatira ndi chikhoti m'manja, koma sankamupeza.

Chisanu chitabweranso, anthu anamupeza m'mphepete mwa mtsinje wa Laborec atauma gwa, mapazi ali zilonda zokhazokha. Kumaliro kwake, bambo ndi mlongo wake anabwera mochita kukankhidwa, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anachira.

Inu achinyamata ofuna kutchuka msanga, dyera ndi chilombo chosakhuta. Chuma chamankhwala chimayamba kudya abale ako, n'kumalizira iwe mwini. Ndi bwino kufika mochedwa ndi thukuta lako, kusiyana n'kufika msanga utaponda pamsana pa amene anakubala.