Masamba a Maliro Opanda Mtembo

Masamba oyamba anawapeza atangopitirira Migowi, dzuwa litalowa kale. Zinali nthambi zamango zaziwisi, zoyalidwa mopingasa msewu monga amachitira anthu pamudzi pakagwa zovuta. Anayamba kuziona ndi Selestina.

"Maliro, abambo," anatero motsitsa mawu.

Lingson Sitima anaponda buleki, nazimitsa wailesi, navula chipewa. Mkuluyu ankatha kukangana ndi wapolisi, ngakhale ndi abusa amene, koma maliro sankawaseweretsa. Anayendetsa galimoto pang'onopang'ono, natsetserekera mumtsinje wouma pomwe mlatho unakokoloka chaka cha namondwe, nakwera tsidya linalo. Kutsidyako kunali zii. Kunalibe moto, kunalibe nyimbo, ndipo nthambi zachiwiri zosonyeza pothera maliro kunalibenso.

Ulendowu anali atauyenda zaka makumi awiri ndi zisanu. Chaka chilichonse nandolo akauma, awiriwa ankakiya nyumba yawo ku Phalombe Boma, n'kukwera kapikiapu kawo kokalamba, n'kumazungulira midzi yomwe Lingson anaphunzitsako ali mnyamata. Ana awo ankati n'kuwotcha mafuta chabe. Selestina ankawayankha kuti ukwati nawo umafunika kupitidwa mphepo. Choipa chinali chimodzi: kulikonse ankanyamuka mochedwa, pakuti munthu amene unamuphunzitsa kuwerenga sakulola kuchoka nkhuku isanapse.

Chaka chino Lingson anali ndi chinsinsi. Maso ake anali atayamba kuchita nkhungu. Masana ankaona ndithu, koma kukada msewu ndi tchire zinkangosakanikirana. Sanauze munthu, chifukwa ankadziwa kuti ana akamva amulanda makiyi, ndipo ulendo uthera pomwepo. Mkazi wake akangoti dzenje ilo, iye ankalusa, n'kuwonjezera moto dala, amvekere msewu uwu ndinayamba kuuyenda ena asanamere mano.

Usiku wachiwiri, akuyandikira Chiringa, nthambi zija anazipezanso, patsogolo pa kamlatho kamatabwa kopapatiza. Lingson anatsitsa galasi kuti amve kulira kwa amayi. Anangomva matabwa akulira pansi pa matayala, kenako mphepo yochokera ku Michesi ikuseweretsa mapesi ouma m'minda.

Anagona kwa Julius, telala amene kale anali mwana wake wasukulu. Atamuuza za masamba aja n'kumufunsa kuti wamwalira ndani, Julius anayang'ana kuchitseko asanayankhe. Anati kuderalo sikunagwe maliro mwezi wonse. Kenako ananong'oneza zimene anthu amakamba: ena amati omwe anatengedwa ndi napolo osapezeka amadziyalira okha masamba, poti palibe anawalira, ena amati masamba otere amatsogolera munthu amene tsiku lake layandikira.

Lingson anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha. Usiku umenewo sanagone. Malata ankathetheka pozizira, makoswe ankathamanga pamtanda, ndipo iye ankamvetsera kupuma kwa mkazi wake. Selestina ankamwa mankhwala a BP m'mawa uliwonse. Za iye mwini Lingson sankaopa kwenikweni, koma poganiza kuti masambawo angakhale a mkazi wake, anagwidwa mantha amene sanawamvepo chibadwire.

Tsiku lachitatu anayendera anzawo a m'midzi yozungulira, ndipo pobwerera kwa Julius madzulo anakumana nawonso masamba, pakona pomwe msewu unagumukira kuphompho. Lingson anavula chipewa. Selestina anangoyang'ana kutsogolo.

Pakati pa usiku anadzidzimuka, napapasa pamphasa. Panalibe munthu. Chitseko chinali chotsekuka pang'ono, ndipo kunja kunali mdima wa ndiweyani. Anatuluka akugwira khoma, thupi lonse lili tsemwe, ndipo kuseri kwa khola la mbuzi anamva mawu onong'ona. Anaona kakuwala kobiriwira kakuyandama m'malere. Koma mawuwo anali a Selestina, ndipo kuwalako kunali kwa foni. Ankalankhula ndi Zelifa, mnzake wa kutchalitchi wa mudzi umene ankapitako mawa lake.

"Pa chigwembe chija, a Zelifa, muyale dzuwa likamalowa. Eya, ndikudziwa kuti n'kulaula. A Aliness a ku Migowi anandiuzanso zomwezo dzana." Anamvetsera, kenako anapitiriza. "Abambowa sakuona, koma sakufuna kuti ndidziwe. Dzenje sangaliimire, mlatho sangauimire, amaimira maliro okha. Ngati masambawo aitana maliro enieni, aitane anga. Ine ndi amene ndawatuma."

Lingson anabwerera pamphasa mwakachetechete, nadzifunditsa. Anachita manyazi, inde, koma chimene chinamukulira chinali kugoma. Mayi woopa Mulungu chotere, woti sangaloze ngakhale chala kumanda, anali atasonkhanitsa amayi anzake midzi inayi kuti achite chinthu choopsa, n'kusenza yekha tsoka lake, pongofuna kuti mwamuna wake asachite manyazi komanso asagwere kuphompho. Selestina atabwera kudzagona, mapazi ake ali ozizira, Lingson anayamba kuliza mkonono wabodza.

Madzulo a tsiku lachinayi anachedwanso, monga mwa masiku onse. Mdima utagwira, Selestina anati, "Maliro, abambo."

Lingson anaimitsa galimoto, koma chipewa sanavule. Anatsika, nayenda m'kuwala kwa nyali, nayamba kukoka nthambizo imodziimodzi kuponya kutchire. Selestina anatsika naye, naima pafupi ndi chitseko, chitenje atachigwira pakamwa.

"Pano palibe amene afe, mayi," anatero Lingson osatembenuka. "Inu simufa, ndakana. Maso angawa ndi amene atha, ndipo ndakhala ndikukubisirani."

Selestina ankangomuyang'ana mkulu uja akuwerama, akupapasa fumbi ndi manja pomwe panalibe kanthu.

"Yatsala imodzi," anatero potsiriza. "Kumanzere kwanu. Ayi, patsogolo pang'ono."

Lingson anaipeza, naiponya kutali. Anasasa manja, nabwerera pachiwongolero, nadikira kuti mkazi wake akhale bwino.

"Muzindiuza choncho," anatero. "Tsopano chigwembecho chili pati?"